Mwana Wotupa ndi Mkodzo wa Thovu: Mbiri ya Matenda a Timasefa ta mu Impso

Mabuku ambiri ofotokoza mbiri ya matenda a impso mwa ana amayambira ku London mu 1827 n'kukathera ku America m'zaka za m'ma 1950, ngati kuti mankhwala atapezeka kumeneko nkhani inatheratu. Ine ndimaiona mosiyana. Kwa ife a kuno ku Africa, pachimake pa nkhaniyi ndi ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, mu 1963. Kumeneko madokotala awiri anapeza choona chachikulu chokhudza ana otupa thupi, koma choonacho chinadzauma n'kusanduka chikhulupiriro chimene chinakhalitsa kuposa umboni wake, ndipo ana ambiri analipira mtengo wake.

Mu impso iliyonse muli timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Kasefa kalikonse, kamene madokotala amati glomerulus, ndi kamtolo ka timitsempha ta magazi topotanapotana. Kamalola madzi, mchere ndi zonyansa za m'thupi kudutsa kuti zikakhale mkodzo, koma kamatsekereza mapuloteni ndi maselo a magazi. Timasefati tikawonongeka mwa mwana, matenda amaonekera m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi imene imatchedwa nephrotic syndrome. Puloteni yotchedwa albumin imatayikira mu mkodzo, m'magazi imachepa, ndipo madzi amathawira m'minofu. Mwana amadzuka m'mawa zikope zitatupa, dzuwa likamapendeka kutupako kwatsikira kumapazi, kenako mimba imafufuma. Mkodzo umachepa ndipo umachita thovu losatha msanga. Njira yachiwiri ndi nephritis, pamene chitetezo cha m'thupi chimavulaza timasefa n'kutitupitsa mkati. Apa mkodzo umasakanikirana ndi magazi n'kumaoneka ngati tiyi wopanda mkaka, magazi amathamanga kwambiri, mutu umawawa, ndipo ana ena amafika pokomoka.

Anthu anatenga zaka zoposa 2,000 kuti alumikize kutupa, mkodzo ndi impso. Hippocrates wa ku Greece anali ataona kale kuti thovu la mu mkodzo limayenda pamodzi ndi matenda a impso okhalitsa. Mu 1484 Cornelius Roelans analemba za mwana wotupa thupi lonse m'buku lake la matenda a ana. Marcello Malpighi anaona timasefa ta mu impso mu 1666. Mu 1722 Theodor Zwinger wa ku Basel anafotokoza bwino za ana otupa amene mkodzo wawachepera ndipo analoza chala impso, ndipo mu 1764 Domenico Cotugno wa ku Naples anatenthetsa mkodzo wa munthu wotupa n'kuona ukugwirana. Aliyense anagwira chidutswa chake, koma panalibe wozisonkhanitsa.

Anazisonkhanitsa ndi Richard Bright wa pa chipatala cha Guy's ku London. Ankathira mkodzo wa wodwala mu supuni, n'kuutenthetsa pa kandulo, ukagwirana n'kuyera ankalemba. Wodwalayo akamwalira ankatsegula thupi lake n'kupeza impso zowonongeka. Mu 1827 anafalitsa zimene anapeza, ndipo kwa zaka zoposa 100 matenda a impso ankadziwika ndi dzina lake. Ulemu umenewu ndi womuyenera, koma ndimadandaula kuti John Bostock, katswiri amene ankamuyezera magazi ndi mkodzo, satchulidwa kawirikawiri. Bostock ndiye anaonetsa kuti puloteni ikachuluka mu mkodzo m'magazi imakhala itachepa. Popanda muyeso umenewo, Bright akanangoona kuti zinthu zitatuzi zimayendera limodzi osadziwa chifukwa chake.

Mbali ya mkodzo wa magazi inamveka msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 William Charles Wells anaona kuti ana ena amatupa akangochira matenda a scarlet fever, ndipo mu 1907 Béla Schick ku Vienna anatsindika kuti pamadutsa masiku angapo pakati pa matendawo ndi kutupako, chizindikiro choti chovulaza impso ndi mmene thupi likubwezera, osati kachilombo kenikeniko. Kachilomboko ndi bakiteriya wa streptococcus. Akalowera pakhosi, impso zimadwala patatha sabata imodzi kapena zitatu. Akalowera pa zilonda za pakhungu, pamatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Miliri ya ku Trinidad m'zaka za m'ma 1960 inaonetsa kuti m'mayiko otentha khomo lalikulu ndi khungu, makamaka mphere zokandidwa mpaka kuchita mafinya. Mwayi wake ndi woti ana oposa 9 mwa 10 alionse amachira kotheratu ngati athandizidwa masiku oyambirira, pamene madzi achuluka m'thupi ndipo magazi akuthamanga moopsa.

Mwana wa mkodzo wa thovu analibe mwayi woterowo. Mankhwala opha mabakiteriya asanabwere, pafupifupi awiri mwa ana atatu alionse odwala chotere ankamwalira, ambiri osati chifukwa cha impso kuleka ntchito, koma chibayo ndi mafinya a m'mimba, poti mapuloteni oteteza thupi ankatayikira limodzi mu mkodzo. Madokotala anayesa zonse: kuletsa mchere, kubaya miyendo ndi timapaipi kuti madzi atuluke, mankhwala a mercury okodzetsa. Ataona kuti ana ena amaphwa akadwala chikuku, m'zaka za m'ma 1940 ena ku America anayamba kupatsira dala ana chikuku, ndipo pambuyo pake ku England ena anayesa malungo. Zikuopsa kuzimva lero, koma iwo anali ataona chinthu choona: chimene chafooketsa chitetezo cha m'thupi chimathanso kutseka timasefa todontha.

Mu 1950 Philip Hench, Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito yawo pa cortisone, mankhwala amene amafooketsanso chitetezo cha m'thupi. Chaka chomwecho madokotala monga Edith Farnsworth wa ku Chicago anali atayamba kale kuyesa mankhwala a mtundu umenewu pa anthu otupa. Pofika 1955 kunabwera prednisone ndi prednisolone, mapiritsi ongomeza, ndipo Gavin Arneil wa ku Glasgow, amene anatsatira ana otere kwa zaka zambiri, anaona imfa zikutsika kufika posakwana mwana mmodzi pa 10. M'zaka zomwezo Poul Iversen ndi Claus Brun a ku Denmark anafalitsa mu 1951 njira yotengera kachidutswa ka impso ndi singano munthu ali moyo. Kenaka Henry Barnett wa ku New York anasonkhanitsa zipatala za ku America, ku Ulaya ndi ku Asia kuti ziphunzire matendawa pamodzi, ndipo akatswiri atatu, Jacob Churg, Renée Habib ndi Richard White, ankaunika tizidutswa ta impsoto. Mwa ana oposa 500, opitirira atatu mwa anayi alionse anali ndi impso zooneka ngati zabwinobwino pa maikulosikopu wamba, ndipo mwa amenewa oposa 9 pa 10 ankaphwa ndi prednisone mkati mwa masabata asanu ndi atatu. Lamulo linakhazikika: mwana wa zaka zoyambira chimodzi mpaka khumi akabwera ndi zizindikiro zimenezi, mpatseni mapiritsi kaye, singano ya mu impso ibwere pokhapokha akapanda kuphwa. Ambiri amadzatupanso kangapo, koma akamakula matendawa amazilala ndipo impso zimatsala zamphumphu.

Ana a ku Africa sanali m'kaundula ameneyu. Nkhani yawo inayambira kutali, ku British Guiana, dziko limene lero ndi Guyana. Kumeneko dokotala wa ku Italy, George Giglioli, amene ankagwira ntchito pa mgodi wa bauxite kuyambira 1922, anaona kuti ana otupa ambiri ali ndi mtundu wina wa malungo, Plasmodium malariae, umene umabweretsa kutentha thupi pakadutsa maola 72 ndipo umatha kubisala m'magazi kwa zaka. Mu 1930 analemba buku lonena kuti malungo amenewa ndiwo akuwononga impso. Ambiri sanamukhulupirire. Iye anapitiriza ntchito, anatsogolera kupopera DDT kuyambira 1945, malungo anatha m'madera a m'mphepete mwa nyanja, ndipo mu 1962 anaonetsa kuti matenda a impso aja nawonso atsika kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: anadikira zaka 30 kuti umboni wake ukhwime.

Chaka chotsatira, Herbert Gilles ndi Ralph Hendrickse anafalitsa zimene anapeza pa University College Hospital ku Ibadan. Hendrickse anali mbadwa ya ku Cape Town, munthu amene malamulo a tsankho a kwawo anamutsekera njira chifukwa cha khungu lake, n'kupita ku Nigeria mu 1955. Atafika anapeza kuti ana otupa a kumeneko sakufanana ndi a m'mabuku amene anaphunzira. Anali okulirapo, ambiri a zaka zozungulira zisanu. Prednisolone sankawagwira. Impso zawo zinali ndi zipsera zooneka bwino pa maikulosikopu, ndipo ambiri ankamwalira impso zitalephera mkati mwa zaka zitatu kapena zisanu. Mwa ana 113, ana 88 pa 100 alionse anali ndi Plasmodium malariae m'magazi, pamene mwa ana ena odwala matenda osiyana chiwerengerocho chinali pafupifupi kotala. Ku Kampala, pa chipatala cha Mulago, John Kibukamusoke anapeza zofanana, ndipo anaonanso kuti odwala amachuluka nthawi ya mvula. Pofika 1969 magulu onse awiri anali ataonetsa kuti m'timasefa ta odwalawa mwaunjikana mapuloteni a chitetezo cha m'thupi. Chomvetsa chisoni kwambiri chinali chakuti kupha malungowo sikunkachiritsa impso zikayamba kale kuwonongeka.

Ntchito imeneyi ndimailemekeza kwambiri. Inali nthawi imene dokotala wa ku Africa ankayembekezeka kungotsatira buku lolembedwa ku London, wodwala akapanda kufanana ndi bukulo n'kumati wolakwa ndi wodwalayo. Hendrickse, Gilles, Kibukamusoke ndi Adeoye Adeniyi, amene anapitiriza ntchitoyi ku Ibadan, anakhulupirira maso awo. Anawerenga ana awoawo, anaunika impso za ana awoawo, n'kuuza dziko lonse kuti kuno zinthu n'zosiyana. Anateteza ana ambiri ku mankhwala amphamvu amene akanangowafooketsa popanda phindu.

Vuto linabwera pambuyo pake, ndipo silinachokere kwa iwo. Zimene zinapezeka mu mzinda umodzi wa kumadzulo kwa Nigeria ndi wina wa ku Uganda zinalowa m'mabuku monga lamulo la Africa yense: mwana wakuda wotupa samva prednisolone. Mibadwo ya ophunzira zachipatala inaloweza chiganizo chimenechi polemba mayeso. Koma kupezeka kwa kachilombo m'magazi a ana ambiri odwala si umboni wokwanira woti ndiko kakudwalitsa aliyense wa iwo. Chipatala chachikulu cha sukulu ya madokotala chimalandiranso odwala amene matenda awakanirira, pamene amene aphwa msanga safikako. Komanso mu 1963 panalibe njira yoyezera kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B, poti chizindikiro chake choyamba m'magazi chinadziwika mu 1965. Ndimakhulupirira kuti m'gulu la ana aja munali matenda angapo amene anavekedwa dzina limodzi. Zotsatira zake zinali zowawa. Kumene kunalibe singano ya mu impso, dokotala wokhulupirira kuti mapiritsi sagwira analibe chifukwa choyesera, ndipo mwana amene akanaphwa m'masabata awiri ankabwerera kumudzi ndi mankhwala okodzetsa okha.

Ming'alu yoyamba m'chikhulupirirochi inaonekera ku Durban, kumene malungo a mtundu uja kulibe. Mu 1979 Hoosen Coovadia ndi Miriam Adhikari anaonetsa kuti ana achimwenye a mumzindawo amafanana ndi a ku Ulaya, pamene ana akuda ambiri samva prednisolone ngakhale alibe malungo. Choncho malungo sakanakhala yankho lonse. Posakhalitsa zinadziwika kuti ambiri mwa ana akudawo, makamaka anyamata, ali ndi hepatitis B, imene imakhuthalitsa makoma a timasefa. Ku Harare anapeza zomwezo mu 1984. Dziko la South Africa linayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 1995, ndipo patangopita zaka zochepa Rajendra Bhimma ndi anzake anaona mtundu umenewu wa matenda a impso ukuzimiririka m'zipinda za ana. M'mbiri yonseyi, palibe chipambano chimene chimandisangalatsa kuposa ichi: jekeseni ya pa ntchafu ya khanda, yopangidwira chiwindi, inapulumutsa impso.

Kenaka anthu anayamba kuwerenganso. Mu 2006 madokotala ogwira ntchito ku Ghana anaunika ana otupa ndipo sanapeze umboni woti malungo ndiwo gwero lalikulu. Gulu labwino ndithu la anawo linaphwa ndi prednisolone. Mu 2014 madokotala a ku Lagos, mzinda woyandikana ndi Ibadan, analengeza kuti ochuluka kwambiri mwa ana awo akumva mankhwalawa. Akatswiri amatchula zifukwa zosiyanasiyana: kufala kwa mankhwala a malungo, katemera, zakudya, komanso kufika msanga kuchipatala. Chimene chili chosakayikitsa n'chakuti matenda amene Hendrickse anawafotokoza sapezeka kawirikawiri masiku ano. Madokotala a ku Ghana ndi ku Nigeria amene analimba mtima kufunsanso funso looneka ngati linayankhidwa kale ndi oyenera ulemu wofanana ndi wa aphunzitsi awo, chifukwa anachita chomwecho chimene aphunzitsiwo anachita: anakhulupirira ana amene anali patsogolo pawo kuposa buku.

Izi sizikutanthauza kuti kusiyana kunatheratu. Ana ochokera kwa makolo a ku Africa akadali pa chiopsezo chachikulu cha mtundu wouma wa matendawa, umene timasefa timachita zipsera pang'onopang'ono mpaka impso kulephera, ndipo chifukwa china chili m'chibadwa. Mu 2010 gulu la Martin Pollak ku Boston linapeza kuti kusintha kwina m'kachidutswa ka chibadwa kotchedwa APOL1, kumene kumapezeka mwa anthu ochokera ku Africa, makamaka kumadzulo, kumawonjezera chiopsezochi ngati munthu wakutengera kwa bambo ndi mayi omwe, ngakhale kuti ambiri otere sadwala konse. Akatswiri amakhulupirira kuti kusinthaku kunafala chifukwa kumathandiza magazi kupha kachilombo ka kaodzera, ndipo kachilombo kamene anayesera ndi Trypanosoma brucei rhodesiense, kamene kanadziwika koyamba mu 1910 mwa munthu amene analumidwa ndi kashembe m'chigwa cha Luangwa, ndipo mpaka lero kamadwalitsa anthu ku Rumphi ndi ku Nkhotakota. Ku Durban mu 2018 anapezanso kusintha kwina kwa chibadwa, mu puloteni ya podocin, mwa ana akuda osamva prednisolone. Ndipo kuyambira 2022 ofufuza a ku Boston, kenako a ku Hamburg, aonetsa kuti mwa ana ambiri omva mankhwala, thupi limapanga asilikali olimbana ndi nephrin, puloteni imene imamanga timipata ta kasefa. Apa m'pamene tamvetsa chimene madokotala a chikuku aja ankangochikhudza mumdima.

Kwathu kuno mwana wotupa amakumana ndi mayankho awiri okonzeka asanapimidwe n'komwe. Kumudzi akuluakulu amaganiza za tsempho kapena mdulo, makolo amafunsidwa mafunso ovuta, ndipo masabata amatha akuyendera mankhwala achikuda, ena mwa iwo olemetsa impso zodwala kale. Kusikelo, mlangizi wa zaumoyo akadina phazi n'kuona chala chasiya dzenje, maganizo amathamangira ku kuperewera kwa zakudya m'thupi, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola, poti matenda amenewo ndi ofala kwambiri kuposa a impso. Koma pakati pa ana olandira chiponde pamabisala ena amene tsitsi lawo silinafiire, khungu silinasupuke, amene amadzuka maso atatupa ndipo mkodzo wawo ndi wa thovu kapena wa magazi. Owasiyanitsa ndi kapepala koviika mu mkodzo, kamene kamasintha mtundu m'mphindi imodzi. Pamwamba pa izi tili ndi likodzo, limene latizoloweretsa kuona mkodzo wa magazi mwa mwana ngati chinthu wamba, mwakuti mwana wa mphere amene nkhope yatupa ndipo mutu ukumuwawa akhoza kungopatsidwa mankhwala a likodzo, magazi ake osayezedwa kuthamanga kwake.

Zina tachita kale bwino, mwina osazindikira kuti tikutetezanso impso. Malawi anayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 2002. Kuyambira 2011 amayi onse oyembekezera amene ali ndi HIV amayamba mankhwala a ARV, ndipo kachilombo kameneka, kamene kamawononga timasefa mwankhanza, kakufikira ana ochepa kuposa kale. Maneti ndi mankhwala a malungo achita mbali yawo. Chatsala ndi mwana amene watupa kale. Makina osefa magazi ali m'zipatala zazikulu zochepa, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo sangakhale chiyembekezo cha mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa. Chiyembekezo chake ndi kupezeka msanga.

N'chifukwa chake ndikunena kuti chipatala chaching'ono chilichonse chikhale ndi timapepala toyezera mkodzo ndi lamba woyezera kuthamanga kwa magazi wokwana pa mkono wa mwana, ndipo mwana aliyense wotupa ayezedwe mkodzo asanalembedwe m'gulu lililonse. Wopezeka ndi puloteni yambiri atumizidwe kwa dokotala, ayezedwe HIV, hepatitis B ndi chifuwa chachikulu, kenaka apatsidwe mpata wake wa prednisolone motsatira muyeso ndi nthawi yake, makolo atauzidwa bwino kuti nkhope idzanenepa, njala idzakula, mchere uchepe m'ndiwo, mankhwala asasiyidwe mwadzidzidzi, ndipo kutentha thupi kulikonse n'kothamangira nako kuchipatala. Mphere zichiritsidwe banja lonse nthawi imodzi zisanachite mafinya. Ndipo madokotala athu a ana, pamodzi ndi ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi anzawo a ku Lusaka, Harare ndi Tete, alembe mwana aliyense wotere m'kaundula mmodzi: zaka zake, chimene chinapezeka m'magazi, ngati anaphwa, ngati anatupanso, ndiponso mmene impso zake zilili patatha zaka zisanu. Ziwerengero za ku Lagos kapena za ku Durban tikangozitenga osaziyesa pa ana athu, tidzabwereza cholakwa chomwe chija chimene chinachitika ndi ziwerengero za ku Ibadan.